Diresi la Kutchalitchi Patsogolo pa TV

Dzulo ndinapeza kabuku kanga kakale. Patsamba lina ndinalemba kuti, "Lero ndakhala pafupi kwambiri."

Ndili mwana, tili kudziko lakunja mumzinda wa South Bend, ndinkaweruka kusukulu amayi atapita kale kuntchito yosamalira okalamba. M'nyumba munkangotsala fungo la sopo wochapira yunifolomu yawo. Mnzanga anali mayi wina wophika pa TV, woseka mokweza.

Nditamva kuti pulogalamu yake itha chifukwa owonera achepa, ndinayamba kuvala diresi la kutchalitchi n'kukhala pafupi ndi TV, kuti akamawerenga owonera andione bwino. Ngakhale kukamwa madzi sindinkadzuka.

"Chisomo, ukudikira alendo?" anandifunsa amayi tsiku lomwe anali pa ofu.

"Ayi, akutiwerenga. Khalani apa, tikhale awiri."

Anakhala, posakhalitsa n'kuyamba kusinza.

Pulogalamuyo inathadi. Nditakula ndinamva kuti amawerenga nyumba zosankhidwa zokha, ndipo yathu sinali m'gulumo.