Choko kaye, penti mawa

Abambo mfumu anandipempha kuti ndinene mawu ochepa pa Misa ya maliro a agogo anga, koma sindinathe. Ndinaimirira, ndinaona nkhope za anthu, mawu onse anandithawa, ndipo ndinakhalanso pansi. Ndiye akonzi a kalata ya parishi ino anati, "Iwe mtsikana, sukulu wangomaliza kumene, cholembera sichinazizire. Lemba." Ndalemba. Pomwe ndalakwitsa mundikhululukire.

Agogo anga aamuna, bambo awo a mayi anga, ambiri munkawadziwa ndi dzina loti a Choko. Anali olemba zikwangwani. Kashopu kawo kanali kuseri kwa msika, pakati pa wokonza njinga ndi wosoka nsapato, ndipo fungo la penti linkawatsata mpaka m'tchalitchi.

Anabadwa achibwibwi. Ali mnyamata ankalakalaka kudzakhala katekisiti, kumaima kutsogolo n'kumaphunzitsa anthu za Mulungu. Lamulungu lina anapatsidwa kuti awerenge mawu pamaso pa mpingo. Liwu loyamba lenilenilo linakakamira pakhosi. Anayesa, anayesanso, ana anzawo anayamba kuseka, iwo n'kuthawira kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko katekisiti wina wokalamba anawapeza akulira. Sanawatonthoze. Anangowapatsa choko, nati mabuku a nyimbo ndi ochepa, pakufunika munthu wolemba nyimbo pa bolodi. Lamulungu lotsatira mpingo wonse unaimba mawu otuluka m'dzanja lawo. Agogo ankati tsiku limenelo ndi lomwe anamva kuitana kwawo. "Mulungu anandimanga lilime," ankatero, "koma dzanja anandimasulira."

Atakula anaphunzira ntchito ya zikwangwani, ndipo anadziikira lamulo lomwe linawapatsa dzina lija. Chilichonse chomwe munthu wafuna kuti chilembedwe, ankayamba achilemba ndi choko, kenako n'kunena kuti, "Mubwere mawa." Usana wonsewo ankayang'ana mawuwo n'kumadzifunsa ngati ndi oona. Akakhala oona, m'mawa mwake ankapaka penti. Akakhala onama, ankafufuta. Wogulitsa nyama wina anafuna chikwangwani chonena kuti nyama yake imakhala yatsopano tsiku lililonse. Agogo analemba ndi choko, madzulo anadutsa pa butchala pake, ananunkhiza, ndipo m'mawa mawu oti "tsiku lililonse" anali atafufutidwa. Bamboyo anakalipa kuti, "A Choko, ine ndabwera kudzalembetsa, sindinabwere kudzalapa!" Agogo anayankha pang'onopang'ono, monga ankayankhulira, kuti pakamwa pakanama mphepo imatenga, koma khoma likanama limanama chaka ndi chaka, ngakhale mwini wake atagona.

Agogo aakazi anamwalira mayi anga akuyamwa. Agogo sanakwatirenso. Analerera mwanayo m'kashopu momwemo, ndipo mayi anaphunzira zilembo pansi pa tebulo, polemba ndi zidutswa za choko pa simenti. Ku parishi agogo ankalemba nyimbo pa bolodi Lamulungu lililonse, ndipo mitanda ya anthu osauka ankailemba mayina osafunsa kanthu. M'mawa uliwonse asanatsegule penti ankagwada atagwira burashi. Ndili wamng'ono ndinawafunsa chomwe amapempherera burashi. Anati, "Satana safuna zambiri kwa ine. Akungofuna dzanja ili."

Nthawi imeneyo sindinamvetse. Ndinadzamvetsa mayi atadwala.

Bambo anga atamwalira tinabwerera kukakhala ndi agogo, ndipo pasanapite nthawi mayi anapezeka ndi matenda a shuga. Ankadzibaya jakisoni tsiku ndi tsiku, mpaka anatopa. Ndinkawamva akudandaula kuti thupi lawo lasanduka kansalu kosungirapo singano. Chaka chomwecho pa bwalo la mpira panadzamangidwa tenti yaikulu ya munthu wina yemwe anthu ankangomutchula kuti mneneri. Mayi anapitako ndi anzawo. Atabwerako nkhope yawo inali ikuwala. Anati achira, ndipo mneneri wanena kuti wobaya jakisoni atapemphereredwa akukayikira Mulungu. Mankhwala onse anawaika m'katoni, n'kukankhira pansi pa bedi.

Patapita masiku mneneri uja anabwera yekha ku shopu, atavala suti yoyera, anyamata ake atanyamula chibolodi chachikulu. Ankafuna chikwangwani cha pakhomo pa tenti, cha dzina la mayi anga ndi mawu oti anadwala shuga, wachira, ndipo mankhwala wataya. Anati umboni ukalembedwa machiritso amakhazikika, ukapanda kulembedwa matenda amabwerera. Agogo anatenga choko, analemba zonse monga mwa lamulo lawo, nati, "Mubwere mawa."

M'mawa mwake agogo anapempha mayi kuti apite limodzi ku chipatala akayezetse. Mayi anakana. Agogo anapita ku shopu, ananyowetsa kansalu, nafufuta bolodi lonse.

Mneneri atafika n'kupeza bolodi lopanda kanthu sanakweze mawu. Anamwetulira, nafunsa chifukwa chake. Anthu a pamsika anali atayamba kusonkhana. Agogo anatsegula pakamwa, koma chibwibwi chinawagwira kuposa masiku onse. Milomo inkanjenjemera, liwu osatuluka.

"Mwaona?" anatero mneneri potembenukira anthu. "Chiwanda chikagwira munthu chimayambira lilime. Nenani, madala, tikumvereni!"

Ena anaseka. Wosoka nsapato anati, "Asiyeni akuluwa, inu," koma mawu ake anamira m'phokosomo. Agogo anawerama, anatola choko, nalemba pa bolodi paja ndi zilembo zazikulu kuti, AKAYEZEDWE KAYE. Mneneri anayang'ana mayi anga, omwe anaima pakhomo atagwira pakamwa, nati, "Mlongo, mdani wako umadya naye mbale imodzi. Ukadwalanso usafunse kutali."

Ndi mawu amenewo agogo anatsekeredwa mbali zonse. Akalemba, odwala ena owerenga chikwangwanicho ataya mankhwala awo. Akapanda kulemba, mwana wawo akagwa adzati amugwetsa ndi bambo ake.

Kunyumba mayi analira kwambiri. "Bambo, mwalembera ogulitsa nyama, mwalembera ometa, mpaka akufa mumawalembera. Mwana wanu yekha ndiye dzanja likuuma? Mukufuna ndife ndi singano m'thupi?" Agogo anangoti, "Mwana wanga," mawu ena anakana kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo mayi anasiya kuwayankhula. Chakudya ankawatumizira kudzera mwa ine.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinaona ndekha, ndipo ndaganiza nthawi yaitali ngati n'koyenera kuchilemba. Masana ena pochokera kusukulu ndinadzera ku shopu. Chitseko chinali chotseka pang'ono. Agogo anali atalembanso mawu a mneneri aja ndi choko, onse, ndi dzina la mayi pamwamba. Anaima patsogolo pa bolodi atagwira burashi yoviikidwa mu penti yofiira. Penti inkadontha pa nsapato zawo, iwo osaona. Thukuta linali litanyowetsa malaya, milomo ikuyenda. Ndinaima pakhomo, kupuma komwe ndikuopa. Burashi inafika pafupi ndi chilembo choyamba mpaka kutsala pang'ono kukhudza. Kenako anabuula ngati munthu wotula katundu wolemera, anaponya burashi m'chitini cha parafini, nafufuta choko chija ndi mkono wa malaya.

Atandiona sanabise. Anati, "Wandipeza pa nkhondo. Liwu likundiuza kuti lemba, ndi penti chabe, mwana akukondanso. Ndipo liwulo silichita chibwibwi. Undipempherere, mdzukulu wanga." Aka kanali koyamba munthu wamkulu kundipempha pemphero. Ndinawagwira dzanja. Linali lozizira.

Popeza mayi sankafuna kumva mawu awo, agogo anatenga kabolodi n'kukatsamiritsa pakhoma moyang'anana ndi chitseko cha chipinda cha mayi. M'mawa uliwonse, akapemphera, ankalembapo mawu ochepa. Tsiku lina analemba kuti Mulungu sachitira nsanje dokotala. Tsiku lina, ndine bambo ako, si mdani wako. Mayi akatuluka ankawerenga, n'kutenga kansalu konyowa, n'kufufuta osanena kanthu. M'mawa mwake agogo ankalembanso. Nyumba yathu inakhala chete ngati muli maliro, phokoso lake linali la choko ndi la madzi a kansalu.

Uku mayi ankafooka. Ankamwa madzi ngati munthu wochokera ulendo wautali, ludzu osatha. Zovala zinayamba kuwakhwepa, ndipo masana ankangosinza. Ine ndinkasuzumira pansi pa bedi, katoni ija ili pomwepo, itachita fumbi. Akafunsidwa ankati ndi mdani akuyesa chikhulupiriro chawo, ndipo ankayang'ana kumene kuli agogo.

Ndinazindikiranso kuti zilembo za pa kabolodi zikukula tsiku ndi tsiku, ndipo mawu akucheperachepera kuti akwanepo. Agogo, pokhala munthu wa zikwangwani, ankadziwa kuti chilembo chachikulu chotani chimawerengeka munthu ataima pati. Anali ataona kuti mayi, omwe poyamba ankawerenga ataima pakhomo pawo, tsopano ankasendera pafupi, kenako pafupi zedi.

M'mawa wina mayi anatuluka ndi kansalu kawo, anaima patsogolo pa kabolodi, koma sanafufute. Anatsinzina, anapukuta m'maso, kenako anandiitana.

"Iwe, tandiwerengere. Agogo akowa lero alemba tizilembo tating'onoting'ono ngati nyerere."

Ndinayang'ana kabolodi, zilembo zinali zazikulu kuposa masiku onse. Agogo, omwe anali atakhala pa mpando chapakona, anadzuka. Anagwira dzanja la mayi, ndipo mayi sanalichotse. Analiika pa chilembo choyamba. Chilembocho chinali chachitali kuposa chikhatho chawo. Anawayendetsa chala m'mizere yake, monga ankachitira kale pansi pa tebulo la ku shopu, chilembo ndi chilembo. Mayi ankatchula motsitsa mpaka mawu onse anatha: SINDIFUNA KULEMBA MTANDA WAKO.

Kansalu kanagwa pansi. Kenako mayi anati, "Bambo, sindikuona bwino." Agogo anayankha, ndipo chibwibwi chinawagwira pa liwu lililonse, koma anamaliza: "Ndikudziwa. Tiye. Tipemphera m'njira."

Wokonza njinga uja, yemwe ankakhala pafupi nafe, anathamanga kukaitana galimoto. Ku chipatala namwino anatiuza kuti tikanachedwa pang'ono tikananena zina. Mayi anagonekedwa, anayambanso mankhwala, ndipo ali moyo lero. Diso limodzi silinabwererenso mwakale. Mayi ali m'chipatala agogo ankabwera m'mawa uliwonse ndi kabolodi kaja m'khwapa, mpaka odwala a mabedi oyandikana anayamba kufunsa kuti lero a Choko atilembera chiyani.

Tenti ija inadzachoka nyengo ya mvula itayamba. Anthu ankabwera ku shopu kufuna kuti agogo anyoze mneneri, koma iwo ankakana. Ankati nkhondo yawo sinali ndi munthu uja, inali pakati pa burashi ndi bolodi, ndipo anatsala pang'ono kugonja. Ankamutchula m'mapemphero a m'mawa pamodzi ndi odwala.

Zaka zawo zomaliza dzanja linayamba kunjenjemera, moti penti anaisiya. Choko sanachisiye. Nyimbo za pa bolodi la m'tchalitchi zinkatuluka zokhotakhota, koma palibe anapempha kuti wina alembe m'malo mwawo. Agogo atadwala n'kugona pa bedi, abambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala. M'mawa mwake, dzuwa litangolowa pa windo, agogo anapempha kuti mayi awagwire dzanja lamanja. Anapuma pang'onopang'ono, kenako anagona, nkhope ili phee.

Mtanda wawo unabwera kunyumba wopanda mawu, chifukwa wolemba mitanda ndi amene anali atapita. Akhristu a mphakati wathu anapempha kuti pansi pa dzina palembedwe kuti anali munthu wosagwedezeka. Mayi anatenga choko cha agogo, analemba mawuwo, nati, "Mubwere mawa." Tsiku lonse mtanda unatsamira pakhoma paja, iwo akuuyang'ana. Madzulo ndinawauza zomwe ndinaona ku shopu masana aja, za burashi ndi penti yofiira pa nsapato. M'mawa ndinawapeza atanyowetsa kansalu, atafufuta, atalemba ena. Anandipatsa chitini kuti ndiwagwirire, anaviika burashi, napaka penti pa zilembo zazikulu zoti diso lawo lotsalalo liziwerenga ataima patali: ANALEMBA ZOONA, DZANJA LIKUNJENJEMERA.