Anandipha pa live kuti asinthe malamulo

Dyson ndinakumana naye ku Kande, tsiku lomwe mvula inatitsekera mu laundry ya pa lodge. Ine Lusungu wa ku Tukombo ndinkasita ma sheet. Iye anali barman watsopano wochokera ku Dedza, Chitonga chake chinali "yewu" basi.

Podikira mvula anayamba kundifotokozera masewera omwe anaonera kwa alendo. Mmodzi amafotokoza nkhani, ena aliyense amakhala ndi munthu wake m'nkhanimo. Munthu wakoyo akafuna kuchita chinthu chovuta, umaponya dice kuti uone ngati chatheka.

"Vuto dice tilibe," anatero.

"Bar yonse ija mulibe zitsekerero za mabotolo?"

Anandiyang'ana ngati ndamupatsa visa.

Anzanga, malamulo omwe mwakhala mukuonera zaka ziwirizi ndinalemba ndine, m'kope la sukulu. Uponya zitsekerero zisanu, zitatu zikagwa chagada wapambana. Tinatenga Gomezgani wa ku kitchen ndi Gloria wa pa reception, Dyson n'kukhala wofotokoza nkhani.

Sabata yoyamba munthu wa Gomezgani anadyedwa ndi ng'ona. Bambo wamkulu ndi ndevu zake anatinyanyala masiku atatu. Ndiye ndinawonjezera lamulo: munthu wa m'nkhani safa mwini wake asanavomere.

Wanga anali NyaMhone, mayi wopalasa bwato yemwe asodzi onse ankamuopa pakamwa.

Tinayamba kupanga live Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, show n'kuitcha Zitsekerero Zisanu. Inu munatikonda. Ku Chintheche makondakitala ankandiitana kuti "NyaMhone, khalani kutsogolo."

Chikondi nacho chinabwera chokha. Dyson ankandiperekeza pa stage, minibus zitatu kudutsa ife tikukambirana nkhani ya sabata yamawa.

"Iwe ndiwe ubongo wa show," ankatero. "Ine ndi pakamwa chabe."

Ndinkamukonda munthuyu, sindibisa.

Mwezi wathawu mlendo wina anamusiyira chibuku cha Chingerezi cha malamulo a masewerawa, chonenepa ngati Baibulo la pa guwa, ndi ma dice a mbali makumi awiri. Dyson anapenga nazo. Mawa lake Gloria anandionetsa poll pa page yathu: tisinthe malamulo kapena ayi?

"Poll imeneyi wafunsa ndani?" ndinamufunsa Dyson.

"Babe, ndi engagement chabe. Ma show akunja onse amasewera ndi buku ili."

"Ndiye ife ndi akunja? Gomezgani awerenga masamba 300?"

"Usakwiye. Palibe chisinthe iwe usananene. Ndikulumbira."

Ine wopusa ndinakhulupirira.

Lamlungu lija munaonera nokha. NyaMhone akuwoloka kupita ku Usisya, mwera utavuta, m'bwato muli mayi wodwala. Ndinatola zitsekerero zanga kuti ndiponye.

Dyson anagwira dzanja langa. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa dice, n'kuponya yekha.

"Two," anatero ndi mawu ake a pa show. "Funde lamenya. NyaMhone wamira, ndipo nyanja sinamubweze."

"Sindinavomere."

"M'malamulo atsopano dice ndi yomwe imavomera."

Ndinayang'ana Gomezgani, maso ali pa tebulo. Ndinayang'ana Gloria... pansi pa foni yake panali pepala la munthu wake watsopano wa malamulo a m'buku lija, lodzaza kale ndi cholembera cha buluu.

Onse ankadziwa kupatula ine.

Ndinalira, anzanga. Anthu zikwi zinayi akuonera, mamina ndi misozi, mtsikana wamkulu kulirira mayi wongopeka. Ndipo sindichita nazo manyazi. Zaka ziwiri ndinkayankhula ndi pakamwa pa mayi ameneyo zomwe ine sindingathe kuwauza abwana.

Live itatha ndinamufunsa funso limodzi.

"Bwanji sunandiuze?"

"Nkhani yatsopano imafuna maliro, babe. Ndikanakuuza ukanangochita acting. Taona ma views!"

Ndinatenga kope langa n'kukwera minibus. Ndinakatsikira kwathu ku Tukombo.

Inu simunamusiye. Ma comment mazana: lamulo lathyoledwa, bwezani NyaMhone, unfollow. Zikomo, ndinawerenga onse.

Lachitatu masana Dyson anabwera kwathu. Anandipeza ndikusenda chinangwa chovuula ndi amama. Anagwada bwinobwino n'kuwapatsa moni, amama mpaka kumutulutsira mpando.

Mtima wanga wopanda nzeruwu unati wabwera kudzapepesa. Ndipo akanapepesa ndikanamukhululukira, ndikudzidziwa.

Amama atalowa m'nyumba anasendera pafupi.

"Anthu akwiya kwambiri. Lamlungu ubwere, unene kuti tinagwirizana, kuti unavomera mseri. Kenako ndikupangira munthu wina, wamphamvu kuposa uja."

"Ndiname kwa anthu kuti iwe uoneke woyera?"

"Si bodza kwenikweni. Ukanavomera ndithu ndikanakufotokozera bwino."

"Nanga unalekeranji kufotokoza?"

Anangokanda m'mutu.

"Nyamuka, Dyson. Mpandowo amama akuufuna."

Ndiye nonse amene mukufunsa ku inbox ngati show ikusinthadi malamulo: eya, ikusintha. Buku ndi lake, page ndi yake, asewere. Mwina malamulowo ndi abwino, sindinawawerenge. Akanandifunsa ngati munthu mwina tikanayesa limodzi. Koma aliyense akakuuzani kuti Lusungu anavomera, ameneyo ndi wabodza.

Dzulo ndinalimba mtima n'kuonera video ija koyamba. Ndinkafuna kuona nkhope yake pomwe ankaponya, ngati munali chisoni ngakhale pang'ono.

Nkhope yake simo.

Masabata onse foni imajambula tebulo lonse. Tsiku limenelo, kuyambira mphindi yoyamba tisanayambe n'komwe kusewera, inali italoza ine ndekha.