Wodwala wa pa Tebulo Lodyera

Mliri utatseketsa sukulu ya udokotala, mwana wamkazi anabwerera kunyumba ndi laputopu, ndipo mayi ake anapeza ntchito ina yomwe palibe anawalemba. Kalasi ikayamba, iwo ndiwo ankathamangitsa adzukulu pakhonde, kuzimitsa wailesi ya bambo, n'kuimirira pawindo atakweza foni kuti netiweki isathawe. Mkono ukatopa ankasinthira winawo. Zochapa zinkadikira.

Kenako anafika mayeso opima wodwala, mphunzitsi akuonerera pa kamera. Kulephera kunali kubwereza chaka. Wodwalayo wophunzira aliyense anayenera kumupeza m'nyumba mwawo.

Bambo anakana. "Mimba yangayi ionedwe ndi dziko? Pima amayi ako."

Motero mayi anamangirira foni pawindo ndi lamba wa epuloni, nayala nsalu patebulo lodyera, n'kugonapo chagada.

Zinayamba moipa. Mtsikanayo analeredwa bwino, ndipo ulemu womwewo ndi umene unkamugwetsa. Ankafunsa monong'ona, maso ali pansi. Dzanja linkangoyandama pamwamba pa mimba, kuopa kudinikiza amene anamubala.

"Sindikukumva," anatero mphunzitsi mu laputopu muja. "Ndipo wodwala timamuyang'ana kumaso."

Mayi anaona thukuta pamphuno pa mwana wawo. Anakoka mpweya, n'kudzisandutsa mlendo, mayi wovuta uja sasowa pamzere wa kuchipatala.

"Adokotala, ndabwera m'mamawa ine! Mukundipima kapena mukusisita mphaka? Apatu, apa! Zikakukanikani ndiitanireni wamkulu wanu."

Mtsikanayo anadzutsa mutu. Kuseka kunali pafupi, koma mawu anatuluka achilendo.

"Mayi, gonani bwino. Pindani mawondo. Pumani kwambiri."

Dzanja linalowa pansi pa nthiti mosanyengerera, mpaka "Mayo!" amene anatuluka sanali wasewero.

Atamaliza, nkhope ya mphunzitsi inauma pagalasi la laputopu, netiweki itathawa. Kenako mawu anabwerera modukaduka.

"Wakhoza. Koma odwala ngati ameneyo, Mulungu azikuthandiza."

Laputopu itatsekedwa, mayi sanadzuke. Msana unali utapeza mtendere pathabwa lija, dzuwa lili pamutu, zomwe sankazikumbukira n'komwe.

Bambo anasuzumira pakhomo. "Zatheka? Eya, mwana wangatu ameneyo! Nanga tiyi?"

"Ketulo ili pomwe imakhala, ababa," anatero mwana uja akufunditsa mayi ake kumapazi. "Wodwala wanga sadzuka mpaka madzulo."

Mayi anatseka maso.