Pemphero la Nyumba ya Eni

Munthu akagula nyumba kuno ku Magwegwe, amene amaitanidwa kudzaipempherera ndi mkulu wa mpingo wathu. Amafika ndi jekete lawo lomwe lija, n'kugogoda khoma ndi chala ngati akusankha chivwende, kenako amafunsa kuti, "Ku ofesi ya boma kuli dzina la yani?" Iwo amati makiyi aliyense angathe kudulitsa, koma nyumba ndi ya amene walembedwa kumeneko. Anazionera ku Makokoba, kumene banja lina limene analipempherera linatulutsiridwa katundu panja. Wogulitsa anali atagulitsanso kwa wina, ndipo winayo ndiye anathamangira kukalembetsa.

Mwezi watha a Fyson, telala wochokera ku Dedza, anatiitanira ku nyumba imene anagula kwa a Ndlovu. Nkhuku inali itapsa kale.

"Dzina munasintha, a Fyson?" anafunsa mkulu wa mpingo uja.

"Abambo, ndinalipira zonse, mboni zinalipo. Kwa loya ndidzapita ndikapezako mpata."

"Chabwino, tiyeni titsinzine."

Mkuluyo anapemphera mofatsa. Anapempha Mulungu kuti adalitse a Ndlovu, eni nyumba ino, pamodzi ndi ana awo amene adzailandire. Anapemphereranso a Fyson, mlendo wokoma mtima amene wapenta nyumba ya eni ake n'kuikonzera denga. Amene anayankha ameni anali awiri okha.

"Abambo, mwandichititsa manyazi pamaso pa mkazi wanga!" anadandaula a Fyson.

"Mumafuna ndinamize Mulungu? Kalembetseni, pemphero lanu ndidzabwera nalo," anatero mkuluyo akusamba m'manja. "Pakadali pano chanu muno ndi nkhukuyi. Tiyeni tidye."