Buku Limene Atsibweni Anasuta

Ndikukumbukira nyengo ina yosankha fodya wa chikopa kwathu kwa Kabudula, ndili mnyamata wobusa ng'ombe. Mawu anga anali kale aakulu, moti ndikakuwira ng'ombe kudambo amayi ankandimva ali kuchitsime. Sukulu ndinali nditaisiya, chifukwa aphunzitsi ankati ndimasokosa. Banja lonse tinkatandala m'chigafa, manja ali bii ndi phula la masamba, zovala zikununkha utsi.

Wodziwa kuwerenga pakhomo pathu anali achemwali anga a Estere. Tsiku lina anabwerako ku Nsaru atatenga mchere ndi buku. A Che Saidi, eni sitolo, anali atayamba kuling'amba kuti azikulungira mchere, koma achemwali atawapempha anawapatsa. Chikuto ndi tsamba loyamba zinali zitapita kale. Choncho dzina la bukulo, ngakhale la amene analilemba, sitinalidziwe.

Inali nkhani ya mayi wina amene mwamuna wake anabwerako kumigodi ya ku Joni patapita zaka zambiri. Nkhope inali yomweyo, mawu omwewo, mayendedwe omwewo. Koma galu amene mwamunayo anamulera yekha anakana kulowanso pabwalo. Mayiyo akamasesa m'mawa ankapeza mapazi olowa m'nyumba, otuluka osawaona. Kenaka anthu a m'mudzimo anayamba kuiwala mayina a ana ake, mmodzimmodzi.

Achemwali ankawerenga motsitsa mawu, ngati akuopa kuti mwamuna uja amva. Pofika poopsa ankaima, n'kunyowetsa chala ndi malovu, n'kutembenuza tsamba pang'onopang'ono. Dzuwa lili pamutu, ine ndinkamva kuzizira kumsana. Ngakhale abambo, amene anali mkulu wa mpingo ndipo ankati izi ndi nthano zachabe, ndinkawaona atagwira tsamba limodzi la fodya nthawi yaitali osaliika pamulu uliwonse.

Patsiku ankawerenga mutu umodzi basi, kenaka n'kutsomeka bukulo kudenga la chigafa. Ine ndikachonderera kuti apitirize ankangoti, "Mawa, Lufeyo. Sankha fodyayo."

Ndiye linafika tsiku lija. Mayi wa m'buku uja anadikira kuti mwamunayo achoke, n'kulowa kuchipinda, n'kugwira ngodya ya mphasa imene mwamunayo ankagonapo. Achemwali ananyowetsa chala, natembenuza. Kutsogoloko kunalibe kanthu, kunangotsala tizidutswa ta mapepala tomamatira kuulusi.

Tonse tinacheukira atsibweni a Binisoni, amene anali atakhala pachipika akusuta chingambwe chawo.

"Atsibweni, kodi ndinu?" anafunsa achemwali.

"Ndine, mwanangu, koma ndasamala," anatero iwo akutulutsa utsi m'mphuno. "Ndimapichira mapepala a kumbuyo, komwe simunafike. Komwe mukuwerenga sindinagwireko, eti. Pepala lake n'lofewa, silikanda pakhosi."

Abambo anaseka mpaka kutsokomola. Achemwali sanaseke. Anatseka bukulo n'kuliika pamiyendo.

Ine sindine munthu wokhala chete. Ndinakwera pachipika paja n'kufuula kuti pansi pa mphasa panali chikopa cha fisi, mwamuna uja anali mfiti, anthu anamupirikitsa ndi zibonga. Anthu anaomba m'manja, atsibweni n'kunena kuti mwana uyu aposa buku. Koma madzulo tikusamba m'manja achemwali anandiuza motsitsa mawu:

"Lufeyo, zija ndi phokoso chabe. Wolembayo ankadziwa chimene chili pansi pa mphasa. Iwe sukudziwa."

Anandilonjeza kuti adzapeza buku lina la nkhani yomweyi. Koma fodya atagulitsidwa chaka chomwecho anakwatiwa kuesiteti ina ya ku Mchinji, ndipo anamwalira pobereka mwana woyamba. Nditakula ndinafunsa aphunzitsi, abusa, ngakhale ogulitsa mabuku akale mumsewu ku Lilongwe. Aliyense ankayamba ndi funso limodzi: dzina lake ndi chiyani? Ndikayamba kufotokoza za galu ndi mapazi, ankangondiyang'ana ngati ndaledzera.

Chaka chatha mdzukulu wanga Yamikani, amene amajambula mafilimu pafoni ndi anzake, anabwera kudzakhala pakhonde panga.

"Agogo, nkhani yanu ija ndi filimu yeniyeni. Tipatseni, anthu asagone nayo tulo."

Ndinawapatsa yonse, ndipo palibe amene akanaifotokoza kuposa ine. Anajambulira pakhomo panga pomwepa. Za galu anazichita bwino. Za mapazi pafumbi anazichita bwino koposa, moti nditaona pafonipo thupi langa linachita tsemwe ngati ndabwerera m'chigafa muja. Atafika pamphasa anandifunsa mathero ake, ine n'kuwapatsa fisi wanga uja. Chikopa cha fisi sanachipeze, anatenga cha mbuzi, ndipo mnyamata wina anadzola ufa kumaso.

Anakaionetsa m'nyumba ya vidiyo ku Nsaru. Ndinavala jekete n'kukhala kutsogolo. Koyambirira kunali zii, mpaka mayi wina kumbuyo kwanga anagwira pakamwa. Koma mphasa itangonyamulidwa ana anaphulika ndi chiseko, wina anagwa pabenchi, wina n'kumalira ngati mbuzi.

Pobwerera Yamikani anandikweza panjinga. Tili m'njira anati, "Agogo, nenani zoona. Bukulo linatha bwanji?"

Ine amene sindinasowepo choyankha pabwalo la milandu kapena pamaliro, ndinati, "Sindikudziwa."

Filimuyo anaifufuta patapita milungu yochepa, akuti foni inadzaza ndipo kunali ukwati wofunika kujambula.

Tsopano ndamvetsa kuti makina ojambulira amangobweza zimene wawapatsa. Ukawapatsa mantha enieni amabweza mantha, ukawapatsa phokoso amabweza phokoso, koma chimene chinatayika sangachitole. Mwa tonse amene tinkakhala m'chigafa muja ndatsala ndekha, ndipo theka la nkhaniyi lili m'mutu mwa nkhalamba yoyamba kuiwala. Mayi uja akadali chigwirire ngodya ya mphasa. Tsiku limene adzandiike m'manda adzamuikanso iye ali choncho, asanaone chimene ankagona nacho m'nyumba.