Mwendo Wanga Unanditengera ku Chisi

Ndinanyamuka ku Likangala Lachiwiri dzuwa litangotuluka. Mpunga unali utayamba kucha, nthawi imene mlimi sachoka m'munda chifukwa cha mpheta. Ine ndinachoka. Mkazi wanga, mayi a Feston, anali atapita kwawo ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, ndipo uthenga unabwera woti ndikapanda kukaonekera kwa ankhoswe, ukwati watha.

Nkhani yake ndi iyi. Ndili ndi vuto pogona. Tulo tikangoyamba kunditenga, ndimamva ngati ndaponda m'dzenje. Thupi lonse limadzidzimuka, mwendo n'kuponyeka wokha, tulo n'kuthawa. Masiku ena zimabwereza mpaka ndimaopa mphasa. Tsiku lina mwendowo unapeza nthiti za mayi a Feston. Panatupa. Atafika kwawo anthu anaona, ndipo mbiri inamveka yoti mkamwini wa kusikimu ya ulimi wothirira amapuntha mkazi ngati mpunga.

Ine sindimenya mkazi. Sindinamenyepo. Ndiye ndinanyamuka wopanda mantha.

Nkhoswe yanga ndi achimwene anga aakulu. Ndinawapempha kuti tipitire limodzi. Anati, "Mwendo ndi wako. Kaulankhulire wekha." Munda ndinasiyira mlamu wanga. Ndinatenga mpunga pang'ono, shuga ndi sopo m'jumbo, basi.

Pamsewu ndinaimitsa njinga yamoto. Wakabaza anatchula K5,000 mpaka ku Kachulu. Ndinangomuyang'ana. Anatsitsa yekha kufika pa K4,000. Msewu wake ndi wafumbi, wa maenje, ndipo mnyamatayo sankazemba ngakhale limodzi. Mbali zonse ziwiri minda ya mpunga, anthu akuliza zitini ndi kukuwa poingitsa mbalame.

"Madala, mukukagula nsomba?" anandifunsa.

"Ayi."

"Maliro?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Yendetsa."

Anayendetsa.

Ku Kachulu mphuno imafika kaye, munthu pambuyo. Matemba ali pa mphasa kuyanikidwa, milamba ikuwambidwa, utsi ponseponse. Makondakitala a minibasi ankaitanira za ku Zomba ngati akulengeza moto. Wina anagwira jumbo yanga. Ndinamuuza kuti asiye. Anasiya.

Ndinalowa m'tiyirumu ya pafupi ndi doko. Pakamwa panafuna kuitanitsa tiyi, koma ndinadziletsa. Mayi a Feston atangochoka ndinapita kuchipatala chathu chaching'ono, poopa kuti mwina ndi khunyu. Adokotala anandifunsa mafunso, kenako anati si khunyu, ndipo anthu ambiri zimawachitikira. Anati zimakula munthu akatopa kwambiri, akamamwa tiyi wamasamba ambiri madzulo, akamasuta fodya pokagona, akakhala ndi nkhawa kapena akamagona moperewera. Ine zonsezo ndinali nazo. Anandiuza kuti ndichepetse, ndipo pogona ndizipuma pang'onopang'ono osaziopa. Zikadzayamba kundigwira ndili maso, ndibwerenso msanga. Kuyambira pamenepo fodya ndimalekezera masana. Tiyi ndinangomusiya, chifukwa ine kapu imodzi sindiidziwa.

"Thobwa ndi zitumbuwa ziwiri," ndinatero.

Mayi wogulitsayo anaseka. "Bambo wamkulu ngati inu kulowa m'tiyirumu kudzamwa thobwa? Ndinu a mpingo woletsa tiyi?"

"Ndine wa mpingo wofuna tulo."

Sanamvetse, koma thobwa anabweretsa.

Boti la injini la ku Chisi silinyamuka pa nthawi. Limanyamuka likadzaza. Tinalipira K3,000 aliyense n'kudikira mpaka dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. Munalowa malata, makireti a zakumwa, njinga yakapalasa, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi ife anthu pa mpata wotsala. Ine ndinakhala chakumbuyo. Kutsogolo kwanga kunakhala mayi wina wonenepa, wa chitenje chobiriwira, ndipo mathireyi ake a mazira anawaika pafupi ndi mapazi anga enieni.

Poyamba tinadutsa m'kanjira ka pakati pa njedza, udzu wautali wa m'madzi uja. Injini inkakodwa ndi zomera, ndiye anyamata ankakankha boti ndi nsungwi zazitali. Chilwa si yakuya. Nsungwi imagunda pansi pafupifupi paliponse. Titatuluka pa madzi oyera, amene kunena zoona ndi ofiirira ngati thobwa, anayatsa injini. Patali tinkaona zimbowera, timisasa ta asodzi toyandama pa udzu, utsi ukufuka. Kutsogolo mapiri a Chisi.

Apa ndi pamene vuto linayamba. Dzuwa likutentha, injini ikung'ung'udza, boti likuyendera pang'onopang'ono, ndipo ine usiku wathawo sindinagone bwino. Zikope zinayamba kulemera. Ndinayang'ana mazira aja, ndinayang'ana phazi langa. Ndinayamba kudzitsina pantchafu.

"Bambo, muli ndi nsikidzi?" anafunsa mayi wa mazira.

"Ndikuthamangitsa tulo."

"Gonani, tikudzutsani tikafika."

"Ndikagona, mazira anuwa atha."

Ndinafotokoza mwachidule. Mayiyo sanadikire kuti ndimalize. Ananyamula mathireyi onse n'kuwaika pamiyendo pake.

Boti lonse linalowa m'nkhaniyo. Mkulu wina wa jekete anati imeneyo ndi mizimu ya makolo, ikundikumbutsa kuti sindinasese kumanda. Msodzi wina, manja ake okhakhala ngati khungwa, anati iyenso zimamuchitikira akachezera kukoka khoka, ndipo akapuma masiku angapo zimasiya. Wina anati ndiziika mpeni kunsi kwa pilo. Ndinamuyankha kuti munthu woponya miyendo ndi manja sagona ndi mpeni. Anavomera.

"Nanga akazi anu amagona kuti?" anafunsa mayi wa mazira.

"Ku Chisi."

Anthu anaseka mpaka mbuzi inalira. Mayiyo anati, "Ohoo! Ndinu mkamwini wa kwa a Mateyu? Tinamva." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anatulutsa mzimbe m'dengu. "Tafunani uwu. Munthu sagona akutafuna mzimbe."

Zinali zoona. Ndinatafuna mpaka tsidya.

Tinakocheza dzuwa litapendeka pang'ono. Ku Chisi kuli miyala, milambe ikuluikulu ndi timinda m'mbali mwa mapiri. Ndinayenda wapansi, njira ndimaidziwa. Ana anandithamangira kutsogolo, moti pofika ndinapeza mpando utaikidwa kale pansi pa mtengo wa mango.

A Mateyu ndi malume a mkazi wanga, ndiponso nkhoswe yake. Ndi msodzi wakale, wamfupi, wa mawu aakulu. Mayi a Feston anakhala pa mphasa chapatali, nkhope atayang'ana kumbali. Apongozi anga aakazi anakhala kuseri kwa mpanda waudzu, monga mwa ulemu wake, chifukwa iwo ndi ine sitiyang'anizana. Ndinapereka jumbo. Tinapatsana moni.

"Mwabwera nokha, akamwini? Nkhoswe yanu ili kuti?"

"Ati mwendo ndi wanga."

"Chabwino. Uyankhe mwendowo."

Ndinanena zonse monga ndalembera pamwambapa, ndi za kuchipatala zomwe. Sizinatenge nthawi. A Mateyu anapukusa mutu.

"Aliyense womenya mkazi ali ndi chonena. Wina amati mowa, wina amati satana. Womenya mkazi ali m'tulo sindinamuonepo. Inu mukuti zimachitika mukamagona?"

"Eya."

"Ndiye gonani tione."

Ndinaganiza kuti akuseka. Sankaseka. Anaitanitsa mphasa, anaiyala pamthunzi pomwepo. Ine ndinaima. Mkamwini satambalala miyendo, osanena za kugona chagada, pamene apongozi ake aakazi ali pafupi. Ndinayang'ana kumpanda. A Mateyu anazindikira, nawonso anayang'ana komweko.

Mawu anachokera kuseri: "Ine sindikuona kanthu kuno. Agone."

Pampandapo panali kabowo. Pakabowopo panali diso. Ndinagona.

Kugona anthu akukuonerera si ntchito yamasewera. Ana anaunjikana, a Mateyu anawathamangitsa. Nkhuku inadutsa pafupi ndi khutu langa. Tulo tija tinandivutitsa m'boti tinathawa. Patapita kanthawi a Mateyu anati, "Munthu wanjala sagona, mpatseni chakudya." Kunabwera chinangwa chophika ndi mlamba wowamba. Mbale anabweretsa ndi mayi a Feston. Anaiika pansi osandiyang'ana, koma chidutswa cha nsombacho chinali cha pakati, chimene ndimakonda. Ndinadya chonse.

Ndinagonanso. A Mateyu anakokera kampando kawo kumapazi kwanga kuti aonetsetse, kapu ya thobwa ili m'manja. Ndinawachenjeza kuti asunthe. Anati iwo agwirapo ng'ona ndi manja, sangathawe phazi la mlimi. Ndinatseka maso n'kuyamba kupuma pang'onopang'ono monga anandiuzira adokotala. Ndinamva mphepo m'masamba a mango. Ndinamva munthu akusinja patali. Kenako ndinali kuyenda pa mzere wa m'munda mwanga, ndipo mzerewo unagumuka.

Nditatsegula maso, kampando kanali chagada, a Mateyu ali pansi, thobwa lili pa malaya awo. Kuseri kwa mpanda munthu ankaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, si munati simukuona?" anakalipa a Mateyu akudzipukuta.

"Ndamva ndi makutu," anayankha apongozi.

A Mateyu anadzuka, anaimika kampando patali ndithu, n'kukhala. "Munthuyu anali m'tulo. Kukamwa kunali yasa, ndinaona ndekha. Mwendo uwu ulibe mwini. Mlandu palibe."

Ndinayamba kupinda mphasa. Ndinaona ngati zatha.

"Amalume," anatero mayi a Feston. Aka kanali koyamba kulankhula. "Za mwendowo ine ndimazidziwa. Ndagona pafupi nawo kuyambira Feston asanabadwe. Ndinakuuzani tsiku lomwe ndinafika kuti anali m'tulo, inu munati ndikuwabisira."

"Nanga unathawa chiyani?"

"Kutacha ndinawaonetsa potupa. Anayang'ana. Anatenga chipewa, n'kupita kumunda. Madzulo anabwera, anadya, anagona. Osanena kanthu. Mawa lake chimodzimodzi. Munthu ukaponda ngakhale mwana wa mbuzi mwangozi, umati pepa."

Pabwalo onse anayang'ana ine.

"Ndinachita manyazi," ndinatero.

"Manyazi anuwo ine sindinawamve, bambo a Feston."

Ndinaganiza. Ananena zoona, ndipo munthu akanena zoona ine sinditsutsa.

"Pepani, mayi a Feston."

"Kuno sizinamveke," anatero mawu a kuseri kwa mpanda.

Ndinabwereza mokweza. Ndikhulupirira kuti ndi kudoko komwe anamva. Ndinawonjezera kuti kunyumba kukuzizira, ndipo ndabwera kudzawatenga ngati iwo akufuna. Mayi a Feston anangonyamula mbale ija n'kufunsa mayi awo ngati matemba aja anauma oti n'kunyamula mawa. Ndinamva yankho langa pamenepo.

A Mateyu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la feteleza lopanda kanthu, lochapa bwino. Anati pa zimbowera amuna amagona mothithikana, madzi ali pafupi, ndiye woponya miyendo amamulowetsa m'thumba mpaka m'chiuno. Mwendo ukaponyeka umathera momwemo, ndipo udzudzu sufika kumapazi.

"Bwanji simunaganize zimenezi kale?" anandifunsa.

"Ndine mlimi. Kwathu m'thumba mumalowa mpunga."

Tsiku limenelo ndinagona kwa a Mateyu, miyendo ili m'thumba. Ndinadzidzimuka kamodzi. Thumba linalira, palibe amene anapweteka, ndipo ndinagonanso mpaka kucha.

Tinakwera boti la m'mawa tili awiri, dengu la matemba lili pakati pathu. Nyanja inali bata. Ku Kachulu mayi a Feston anamwa tiyi, ine thobwa. Tinapeza njinga ziwiri, ndipo tinafika ku Likangala dzuwa lili pamutu. Mlamu wanga ndinamupeza ali m'tulo pansi pa kamsasa ka kumunda, mpheta zikudya mbali ina yonse ya mpunga. Iye amagona bwino, sadzidzimuka.

Vutoli silinathe. Lachepa chabe. Masiku amene ndatopa kwambiri limabwerabe, ndipo sindiliopanso. Ndimapuma pang'onopang'ono, ndimadikira, tulo timabwerera. Amene muli nalo, pitani kuchipatala akakuoneni, chepetsani tiyi ndi fodya madzulo, ndipo ngati simugona nokha, pezani chotchinga miyendo. Koma mukamugunda mnzanu, lankhulani m'mawa womwewo. Ine ndinachita kuwoloka nyanja, kugona chagada pamaso pa apongozi ndi kugwetsa nkhoswe, kuti ndikanene mawu amene ndikadanena ndili pakhomo panga.