Luzi pa Khosi la Botolo

Ndinagwira ntchito yogawa mankhwala pa kachipatala ka mishoni kumunsi kwa phiri la Mulanje, nkhondo ya Jeremani isanabwere. Ndinali kale ndi mkazi ndi ana awiri. Tinalipo atatu: dona wachizungu amene ankaona odwala, mkulu wina womanga zilonda amene ndinkawatchula kuti achimwene, ndi ine. Anandiika pa mabotolo chifukwa ndinkalemba bwino, ndipo ndinkanyadira zimenezo mopitirira.

Mabotolo athu onse anali ofanana, otsekedwa ndi chitsononkho. Pa lililonse ndinkamata kapepala ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kulembapo dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake. Popeza anthu ambiri sankawerenga, pa kapepala ka mankhwala osamwa ndinkajambula mzere wofiira. Nzeru imeneyo inali yanga, ndipo ndinkaiona yokwanira.

M'mawa wina wa chiperoni kunabwera mayi wa Chilomwe atabereka mwana wamkazi wa zaka ngati zitatu, wotentha thupi. Mwamuna wake, amene ankagwira ntchito m'munda wa tiyi, anatsala kunyumba ndi chilonda chapamwendo chimene dona anali atachiona kale. Dona analamula kwinini wosungunula wa mwana ndi mankhwala otsukira chilonda a bamboyo. Mankhwala onse awiriwo anali oyera ngati madzi a mumtsinje wa Likhubula. Otsukirawo analibe fungo, koma anali poizoni. Supuni imodzi ikanatha kupha mwana wamsinkhu umenewo.

Lamulo linali lakuti wolandira mankhwala abwereze zimene wauzidwa. Tsiku limenelo anthu anali ambiri ndipo Chilomwe changa chinali chochepa. Ndinamwetsa mwanayo supuni yoyamba, ndinauza mayiyo kuti yachiwiri amupatse dzuwa likapendeka, ndinaloza mzere wofiira, iye n'kugwedeza mutu. Sindinamuuze kuti abwereze.

Cha kumasana, anthu atatha, ndinatuluka kukataya madzi. Pansi pa mtengo wa m'njira, pamene amayi ankaima kuti amange bwino ana kumsana, ndinaona timapepala tiwiri m'matope. Mawawa anali atasungunula phala. Zolemba zanga zinali kuwerengekabe, mzere wofiira uli pomwepo. Mayi uja anali kutali ndi mabotolo awiri osadziwika.

Ndinawaonetsa achimwene. Iwo ankanditchula kuti aphunzitsi akafuna kundiseka.

"Aphunzitsi, makalata anu akana ulendo," anatero. Atandiyang'ana nkhope analeka kuseka. Anati ndiponye timapepalato pamoto, popeza amayi ali ndi nzeru zawo ndipo mwina mayiyo akukumbukira botolo limene anagwira kumanja. Anandikumbutsa za munthu amene anachotsedwa ntchito chaka chapitacho chifukwa chothyola sikelo. Sankanena mwankhanza. Ankaganizira ana anga.

Ndinaima pang'ono, sindikana. Koma kumwamba kunali mitambo yokhayokha, ndipo mayi wopanda dzuwa loti aone akanatha kuganiza kuti nthawi yakwana kale. Ndinagogoda kwa dona ndi timapepala tiwiri pachikhatho.

Ndinanena zonse, ndi zakuti sindinamuuze mayiyo kuti abwereze. Dona sanandikalipire. Anafunsa kuti mayiyo anachoka liti ndiponso amakhala kuti. Anathira kwinini wina m'botolo latsopano, nati ngati wina wamwa otsukira aja, ndimumwetse zoyera za mazira aawisi, zambiri. Zina tidzakamba mawa, anatero.

Mudzi wa mayiyo sindinkaudziwa bwino. Kapitawo wa m'munda wa tiyi ndiye anandilozera timanyumba ta antchito, kutsidya kwa kamtsinje, cha kumene kumaonekera phiri la Chambe kukayera. Kamtsinjeko kanali katadzaza mpaka m'ntchafu. Ndinawoloka botolo lili m'mwamba.

Ndinapeza anthu atazungulira khonde. Amene anali pansi sanali mwana, anali bambo ake, akulavula ndi kusanza. Mnansi wawo wodziwa Chinyanja anandifotokozera. Mayiyo atafika anaona kuti mapepala palibe, ndipo sanadziwenso botolo la mwana. Bamboyo anati iye anamwapo kwinini kwa mzungu wa munda ndipo kuwawa kwake amakudziwa, choncho mwana asamwe kanthu kufikira iye atalawa. Anayamba ndi botolo lolakwika. Anameza pang'ono chabe, zambiri analavula.

Ndinapempha mazira. Anabwera nawo asanu kuchokera m'nyumba zitatu. Ndinamumwetsa zoyera zake, anasanza, ndinamumwetsanso. Patapita nthawi anakhala tsonga, nanena ndi mawu asasa kuti chiyambire ntchito ya tiyi sanadyepo mazira asanu tsiku limodzi. Anthu anaseka. Ine ndinalephera.

Kenako ndinamwetsa mwana supuni yake kuchokera m'botolo latsopano. Anakwinya nkhope n'kulira, monga amachitira ana onse ndi kwinini. Botolo lakale limene bambo sanalawe ndinalikhuthula pansi, ngakhale kunali kodziwikiratu kuti ndi kwinini, kuti pakhomopo pasatsale chokayikitsa.

Ndikufunafuna makala oti ndilembere pa botolo la poizoni, mayiyo anang'amba luzi pa denga, nalimanga pakhosi pa botololo, mfundo zitatu zolimba. Ananena mawu ochepa, ndipo mnansi uja anamasulira.

"Akuti pepala ndi lanu, bambo. Ili aliyense pano alidziwa."

Zinali zoona. M'midzi yathu munthu akamanga luzi la mfundo pa mtengo wake wa mapapaya, ngakhale mwana wanjala sathyolapo. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, koma kusukulu ndinaphunzira kuziyesa zachabe.

M'mawa mwake dona anandiuza kuti ndifotokoze zonse kuyambira pachiyambi, achimwene akumva. Sanandichotse ntchito. Ananena kuti ndikanabisa, akanandichotsa tsiku lomwe akanadziwa. Za luzi sanazikonde poyamba. Anati zikufanana ndi zithumwa, ndipo anthu adzati mishoni yayamba kutsirika mabotolo. Ndinayankha kuti m'mfundomo mulibe mankhwala aliwonse, kuti mvula singalichotse luzilo, ndiponso kuti nkhalamba yosaona bwino ilimva ndi zala. Anaganiza masiku awiri, navomera. Kuyambira pamenepo botolo lililonse la mankhwala osamwa linkatuluka ndi luzi la mfundo zitatu, pepala lilipo ndithu, ndipo munthu sankachoka pazenera langa asanabwereze, ngakhale pafunike kudikira womasulira.

Loweruka lotsatira achimwene anaulula okha kuti nthawi ina anathira m'diso la munthu mankhwala a chilonda, naona msanga, natsuka, osauza wina. Dona anafunsa kumene botolo la mankhwala a m'maso ndi la mankhwala a chilonda ankakhala. Ankakhala pa thabwa limodzi. Tinawalekanitsa tsiku lomwelo. Pambuyo pake Loweruka lililonse tinkafunsana ngati pali chimene chalakwika kapena chimene chinatsala pang'ono kulakwika, ndipo achimwene ankayamba ndi kundifunsa ngati makalata anga onse anafika.

M'kamwa mwa bambo uja munatenga masabata awiri kuti mupole. Ndinkapita kukamuona Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Mayiyo anabweranso kuchipatala kudzatenga otsukira ena, mwana akuyenda yekha atagwira nsalu ya amake. Anaika botolo pazenera, luzi lake lija lili pomwepo, litada ndi utsi. Ndinathiramo mankhwala osalimasula.